Mwana akafuna kuphunzira kiyibodi, yambirani apa

Ngati mwana wanu wayamba kuthamangira mpando wapafupi ndi woyimba kiyibodi Lamulungu lililonse, dziwani kuti posachedwa abwera ndi pempho. Mukafunsa anthu maganizo awo, mumva mayankho awiri. Ena adzati nyimbo zenizeni zimayambira pa piyano, pali buku ndi mphunzitsi, ndipo zina zonse n'kungosewera. Ena adzati musataye ndalama, musiyeni azitola yekha ndi khutu monga ankachitira oyimba athu akale. Onsewa akunena zoona, koma aliyense wagwira mbali imodzi. Chofunika ndi ndondomeko yake: khutu ndi mawu ziyambe, kiyibodi ibwere pambuyo, pepala libwere pomaliza. Mukasokoneza ndondomekoyi ndalama zipita, ndipo mwanayo angagwe ulesi asanafike patali.

Amene amati khutu ndilo lofunika ali ndi mboni zamphamvu. Allan Namoko wa ku Thyolo, kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, anali wosaona, sankawerenga pepala la nyimbo, koma banjo yake ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band zikumvekabe ngakhale mwini wake adamwalira mu 1995. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adaphunzira gitala ndi chitoliro pomvera ndi poyeserera, ndipo mu 1999 Donald adakaphunzitsa nyimbo zake pa yunivesite ya UCLA ku America. Ngakhale kunja, aphunzitsi ena otchuka adafika pa mfundo yomweyi. Shinichi Suzuki wa ku Japan ankati mwana aphunzire nyimbo monga amaphunzirira chilankhulo cha mayi ake, ayambe wamva ndi kuyankhula, kuwerenga kubwere pambuyo. Zoltán Kodály wa ku Hungary ankayambitsa ana ndi mawu awo, poyimba nyimbo za kwawo.

Nanga piyano ili ndi mwayi wanji? Pa gitala kapena pa banjo mawu a nyimbo amabisala m'zala ndi m'nsambo. Pa kiyibodi onse ali poyera, atandandalika kuyambira otsika kumanzere mpaka okwera kumanja. Mwana akadina kiyi imodzi amamva liwu lolondola nthawi yomweyo, ndipo akadina zitatu amaona ndi maso ake mmene mawu amagwirizanirana. Amatha kuona soprano, alito, tena ndi besi pamalo amodzi. N'chifukwa chake sukulu zambiri za nyimbo zimafuna kuti wophunzira aliyense, kaya ndi wa lipenga kaya wa ng'oma, adziweko piyano. Kiyibodi siilenga khutu mwa mwana, koma imamuonetsa chimene khutu lake lamva kale.

Tsono musanagule kalikonse, patulani mwezi umodzi wa kuyimba basi. Izi zilibe mtengo. Madzulo mukatha kudya, yambitsani kachigawo kakafupi ka nyimbo imene nonse mumaidziwa, mwana abwereze. Kenako yambitsani nyimbo yomweyo mokweza pang'ono, nayenso akwere nanu. Ombani m'manja kamayendedwe kena, iye ayankhe chimodzimodzi. Akazolowera, inu yimbani mawu apamwamba iye ayese apansi osakokedwa ndi inu. Ngati kuli kwaya ya ana kutchalitchi, alowe. Ngati m'mudzi muli ng'oma za tchopa kapena anyamata a banjo ya chigubu, musamuletse kukakhala nawo, chifukwa kusunga mayendedwe a nyimbo amakuphunzira kumeneko kuposa m'buku lililonse. Mwezi umenewu ukuthandizaninso kudziwa ngati chidwi chake n'chokhazikika kapena n'cha sabata imodzi. Mmera m'poyamba.

Kenako pamabwera nkhani ya chida. Piyano yeniyeni ya matabwa ndi nsambo, ya makiyi 88, musaiganizire n'komwe pakhomo la kuno ku Milange. Imalemera makilogalamu 200 kapena kuposa, ili ndi nsambo zoposa 200 zofuna katswiri wozikunga chaka ndi chaka, ndipo chinyontho cha m'mphepete mwa phiri la Tumbine chimatupitsa matabwa ake. Chimene mukufuna ndi kiyibodi ya makiyi 61, a kukula kwa makiyi a piyano. Mukapita kumasitolo a ku Mocuba kapena ku Quelimane funsani teclado, ndilo dzina limene amaidziwa nalo. Yamaha PSR yatsopano ya ophunzira imagulidwa pafupifupi madola 200 kunja, zomwe ndi ndalama zoposa 12,000 meticais musanawerengere mayendedwe, msonkho ndi phindu la mwini sitolo. Choncho konzekerani 15,000 meticais kapena kuposa. Ya Casio imakhala yotsikirapo, ndipo yakaunjika yabwino mungaipeze pa theka la mtengowo mukadekha. Mukasankha kukagula ku Limbe kapena ku Blantyre, funsani mtengo wa tsiku lomwelo chifukwa mitengo ya mu kwacha siikhala malo amodzi, ndipo sungani risiti yoti mukaonetse pachipata cha Muloza pobwerera.

Chenjerani ndi timakiyibodi ta zidole togulitsidwa pamsika, ta makiyi ang'onoang'ono ndi magetsi othwanima. Tambiri timalira liwu limodzi kapena awiri okha nthawi imodzi, tina timasemphana ndi kamvekedwe kolondola, ndipo zala zikazolowera makiyi opapatiza zimavutika pa chida chenicheni. Mtengo wake umakopa, koma ndi ndalama yotayika.

Pogula yakaunjika musachite manyazi kutenga nthawi. Dinani makiyi onse 61, imodziimodzi, oyera ndi akuda omwe. Mverani ngati masipika onse awiri akulira. Gwedezani chingwe pamene chikulowera m'kiyibodimo, muone ngati ikuzima. Tsegulani mokhala mabatire muone ngati mulibe dzimbiri. Yesani kudina kiyi imodzi mofewa kenako mwamphamvu: ngati liwu likusintha kukula, mwapeza yabwino, chifukwa imeneyo idzaphunzitsa zala kuyimba mofatsa ndi mokweza.

Za magetsi ndi zimene zimapha makiyibodi ambiri. Pafupi ndi polowera chingwe pamalembedwa mphamvu imene chidacho chimafuna. Ma Yamaha ang'onoang'ono ambiri amafuna 12V, ma Casio ambiri 9.5V, ndipo pamakhala kachizindikiro kosonyeza kumene kuli + ndi kumene kuli -. Adaputala ya wailesi kapena ya dikoda ikhoza kulowa bwinobwino pabowolo n'kuwotcha zam'kati. Musalumikize kiyibodi ku batire la sola ndi mawaya opota pamanja, chifukwa dzuwa likaswa mtengo mphamvu ya batire imakwera mpaka 14V kapena kuposa. Itanani wodziwa zamagetsi akuikireni fyuzi ndi cholumikizira choyenera. Kumbukiraninso kuti yogula ku Malawi imabwera ndi pulagi ya mano atatu a makona, pamene masoketi athu ndi a mano ozungulira. Gulani chosinthira, musakanikize mawaya opanda pulagi m'soketi. Makiyibodi ambiri amalolanso mabatire 6 a AA, koma kudalira amenewo tsiku ndi tsiku kudzakudyerani ndalama zambiri.

Ngati ndalamazi palibe, musataye mtima. Kambiranani ndi akuluampingo kuti mwana azigwiritsa ntchito kiyibodi ya tchalitchi masiku awiri kapena atatu pa sabata, pali munthu wamkulu woyang'anira, inu muzithandizako pa magetsi. Mabanja atatu oyandikana angathenso kusonkherana n'kugula imodzi, bola mugwirizane poyambirira kuti izigona kwa yani ndipo ikawonongeka alipira ndani. Kunyumba, jambulani makiyi pa katoni: oyera 14, iliyonse masentimita 2.3 m'lifupi, ndi akuda m'malo mwake. Katoni siilira, choncho mwana aziyimba ndi pakamwa liwu lililonse limene wadina. Zimaoneka zachibwana koma zimathandiza kwambiri, chifukwa chala ndi khutu zimayendera limodzi.

Chida chapezeka. Chiikeni patebulo, osati pamphasa kapena pamiyendo. Mwana akhale pampando woti zigongono zake zilingane ndi makiyi, ndipo ngati mapazi sakufika pansi muikireni njerwa. Zikhadabo ziwengedwe. Mupatseni ndimu afumbate mosafinya, kenako muchotse ndimuyo zala zisasinthe: mmene zapindikiramo ndi mmene ziyenera kukhalira pa makiyi. Zala zimawerengedwa kuyambira chachikulu, chomwe ndi 1, chamkombaphala 2, mpaka kakang'ono 5, manja onse awiri.

Phunziro loyamba ndi la maso. Makiyi akuda ali m'magulu a awiri ndi atatu, mobwerezabwereza. Kiyi yoyera imene ili kumanzere kwenikweni kwa gulu la akuda awiri ndi C. Mwana apeze ma C onse, kenako ma F onse, omwe ali kumanzere kwa gulu la akuda atatu. Musamate timapepala ta mayina pa makiyi ndipo musalembepo ndi cholembera. Mwana wozolowera timapepala amawerenga timapepalato, ndipo tsiku limene adzakhale pa kiyibodi ya eni ake adzasowa pogwira.

Sabata zoyambirira zikhale za dzanja lamanja lokha. Chala 1 pa C, zinazo pa D, E, F ndi G, akwere ndi kutsika pang'onopang'ono, liwu lililonse limveke palokha. Akakhazikika apitirize mpaka C wapamwamba motere: 1, 2, 3, kenako chala chachikulu chidutse pansi n'kugwira F, ndiye 2, 3, 4, 5. Apa ndi pamene ana ambiri amafuna kuthamanga. Muletseni mwachikondi. Akatero, mupatseni nyimbo yosavuta imene amaiyimba kale, aifunefune yekha pa makiyi. Adzalakwitsa kambirimbiri, ndipo inu musamulozere msanga. Kufunafunako ndiye phunzirolo.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza ana athu a m'malire muno kuposa ana a ku Maputo kapena a ku Lilongwe, ndipo ndi bwino muchidziwe chisanabwere. M'mabuku a Chipwitikizi, Dó, Ré, Mi, Fá, Sol, Lá, Si ndi mayina okhazikika a makiyi. Dó ndi C nthawi zonse, Sol ndi G nthawi zonse. Koma makwaya ambiri a ku Malawi amagwiritsa ntchito solofa, njira imene John Curwen adaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo idafika kuno ndi amishoni, monga a ku Scotland amene adakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876. Mu solofa, do amasuntha: ndi liwu limene nyimbo imakhazikikapo, kaya lili pa C, pa G kapena pa F. Ndiye mphunzitsi wa kwaya wochokera ku Mulanje akati do, mwana wophunzira ku buku la Chipwitikizi amathamangira pa C pamene kwaya ili pa G, ndipo onse amayamba kulozana zala. Palibe wolakwa. Gwirizanani ndi mphunzitsi kuti mayina a makiyi akhale a mtundu umodzi, kaya zilembo kaya a Chipwitikizi, ndipo malo a liwu m'nyimbo azitchulidwa ndi manambala 1 mpaka 7. Mwana akakhwima adzaphunzira njira zonse ziwiri, ndipo adzatha kuyimba ndi kwaya ya ku Gurué komanso ya ku Limbuli osavutika.

Patatha miyezi iwiri kapena itatu, dzanja lamanzere lilowe ndi makhodi. Atatu okha ndi okwanira poyamba. Mu kiyi ya C, khodi yoyamba ndi C, E, G. Yachinayi ndi F, A, C. Yachisanu ndi G, B, D. Nyimbo zambiri za m'tchalitchi ndi makolasi zimayenda pa atatu amenewa. Inu muziyimba nyimbo, iye azimvera pamene khodi ikufuna kusintha. Musamuuze kuti sintha tsopano. Akachedwa, imani pa liwulo mpaka amve yekha kuti china chake sichikugwirizana. Kuphatikiza manja awiri kumatenga nthawi ndipo kumakhumudwitsa. Dzanja lililonse lizolowere palokha, kenako awaphatikize pa kachigawo kakafupi, pang'onopang'ono kwambiri.

Tsopano tafika pa chimene chimasiyanitsa woyimba weniweni ndi wongodina. Makiyibodi ambiri ali ndi batani lolembedwa kuti Transpose, limene limakweza kapena kutsitsa mawu onse zala zili pamalo omwewo. Anyamata ambiri amaphunzira kiyi imodzi yokha, moyo wawo wonse n'kumangodina batanilo. Ndikupemphani kuti chaka choyamba batani limeneli lisakhudzidwe. M'malo mwake mwana aphunzire kawerengedwe aka. Kuyambira pa kiyi iliyonse, powerenga oyera ndi akuda omwe, asunthe makiyi 2, 2, 1, 2, 2, 2, 1. Akayambira pa G adzapeza yekha kuti akufunika kiyi yakuda imodzi m'malo mwa F. Akayambira pa F adzafuna yakuda m'malo mwa B. Akayambira pa D adzafuna zakuda ziwiri. Nyimbo iliyonse imene waidziwa mu C aisamutsire mu G ndi mu F, pamodzi ndi makhodi ake. Maziko amene anthu amatamanda pa piyano ndi amenewa, ndipo amene wadalira Transpose wawadumpha onse.

Chifukwa chake mudzachiona m'tchalitchi momwemo. Amayi akayambitsa nyimbo pamaliro kapena pa chopereka safunsa woyimba kiyibodi kuti ali pa kiyi yanji. Amangoyamba pamene mawu awo afika, ndipo woyimbayo ayenera kuwapeza mzere woyamba usanathe. Muzichita zimenezi kunyumba ngati masewera. Yambitsani nyimbo paliponse, mwana ang'ung'udze liwu limene nyimboyo ikukhazikikapo, kenako alipeze pa makiyi. Mphindi 5 patsiku n'zokwanira, ndipo pa zonse zimene ndalemba pano, ichi ndicho ndingakonde kuti musachisiye.

Batani lina lofunika kusamala nalo ndi la ng'oma ndi besi zodziyimba zokha. Limapangitsa mwana wa sabata ziwiri kumveka ngati bandi yonse, anthu n'kumamuombera m'manja pamene iye wadina chala chimodzi. Ng'omazo zikhoza kuthandiza kusunga liwiro akadziwa kale nyimboyo, koma besi ndi makhodi azichokera m'dzanja lake lamanzere. Mavidiyo a pa YouTube osonyeza timizere togwera pa makiyi nawonso amaphunzitsa kutsanzira nyimbo imodzi basi. Foni ili ndi ntchito yabwino kuposa imeneyo: mujambuleni mwana akuyimba, amvere yekha. Adzamva pamene akuthamanga ndi pamene akukayikira popanda inu kunena kanthu.

Za nthawi, mphindi 15 mpaka 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Sankhani nthawi yokhazikika, ntchito za pakhomo ndi za kusukulu zitatha. Mwana wa zaka 7 kapena 8 angayambe bwino, wocheperapo apitirize kuyimba ndi kuomba m'manja, ndipo munthu wamkulu sanachedwe. Amene akuyeserera mokhulupirika angathe kuyimba nyimbo zosavuta ndi dzanja limodzi pa miyezi itatu, makhodi atatu m'makiyi awiri kapena atatu chaka chisanathe, koma kuperekeza kwaya modalirika kumafuna zaka ziwiri kapena zitatu. Nyengo ya kupalira ndi ya kukolola nandolo maphunziro adzachepa, zimenezo n'zachidziwikire, koma asasiyiretu.

Mphunzitsi amafunika ngakhale kamodzi pa sabata, kwa mphindi 30 kapena 45, kuti aziwongola zala zisanazolowere zolakwika. Musanagwirizane naye, mupempheni mwaulemu ayimbe nyimbo imodzi m'makiyi atatu osakhudza Transpose. Akatha, ndi woyenera. Gwirizanani malipiro a pamwezi poyambirira, kaya ndi ndalama kaya ndi chimanga, kuti pasadzakhale kung'ung'udza. Mphunzitsi womenya zala ndi rula musamulole, chifukwa dzanja la mantha limauma ndipo silingayimbe. Maphunziro azichitikira poonekera, pakhonde kapena m'tchalitchi muli anthu ena, kaya wophunzirayo ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. Ndipo atsikana apatsidwe mpata wofanana. M'makwaya mwathu atsikana ndi ochuluka, ambiri ali ndi khutu lakuthwa, koma kiyibodi imangopita kwa anyamata popanda chifukwa chomveka.

Kuwerenga pepala kubwere mwana atayamba kale kuyimba ndi manja awiri. Ayambe ndi solofa wa m'mabuku a kwaya, kenako zizindikiro za pa mizere isanu. Musakunyoze kuwerengaku. Woyimba wodziwa kuwerenga angaphunzire nyimbo imene sanaimvepo, angalembe yake kuti isaiwalike, ndipo akadzafuna kupitiriza ku Escola Nacional de Música kapena ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Music Crossroads ku Lilongwe, adzakupeza kofunika. Chimene ndikukana ndi kumuyambitsa mwana ndi miyezi ya zizindikiro asanamvepo kukoma kwa nyimbo m'zala zake.

Mwana akayamba kuzolowera kiyibodi, tsiku lina adzamva bangwe, mangolongondo kapena ulimba wa ku chigwa cha Shire n'kunena kuti sizinachunidwe bwino. Mukonzeni pomwepo. Zida zimenezi zili ndi kachunidwe kakekake, ndipo mawu ena a ulimba amagwera pakati pa makiyi awiri a piyano chifukwa amisiri ake adafuna choncho. Timbila za Achopi a ku Zavala, zimene UNESCO idazilemekeza mu 2005, siziyendera kachunidwe ka piyano, ndipo oyimba ake ndi akatswiri a dziko lonse la Mozambique. Ngati pafupi pali agogo odziwa bangwe kapena mangolongondo, mwana azikakhala nawo ndithu. Manja awiri oyenda mosiyana pa mangolongondo adzamuthandiza pa kiyibodi pomwe.

Chidacho chisamalidwe. Akamaliza chiphimbidwe ndi chitenje, chifukwa fumbi la mu Okutobala limalowa pansi pa makiyi n'kuwapha imodziimodzi. Nyengo ya mvula chisakhale pansi kapena motsamira khoma lonyowa. Pasadyedwe kanthu pafupi nacho, popeza nyenyeswa zimaitana nyerere ndi mphemvu, ndipo zikalowa m'kati zimawononga mawaya. Chotsani mabatire ngati simukuwagwiritsa ntchito, ndipo kukayamba ziphaliwali zulani pulagi. Ponyamula pa njinga ya kabaza, chikulungeni m'bulangete ndipo mphira usadutse pamwamba pa makiyi.

Nthawi yoyimba pagulu ikakwana, asayambire pa mapemphero a Lamulungu. Ayambe poyeserera kwaya pakati pa sabata, ndi nyimbo imodzi kapena ziwiri zimene wazidziwa bwino, woyimba wamkulu atakhala pambali pake. Muuzeni atsitse voliyumu mpaka azimva mawu a anthu pamwamba pa kiyibodi yake, ndipo akasochera asiye dzanja lamanja, agwire besi yokha mpaka atawapezanso.